Kachirombo ka m'botolo kanandiyendetsa mpaka ku Domasi

Ndakwerapo minibasi ndi nkhuku, ndakwerapo ndi thumba la makala, tsiku lina ndinakwera ndi mwendo wa mbuzi wopita ku chinkhoswe. Koma zokwera ndi kachirombo kamodzi m'botolo, n'kuyenda nako makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Limbe mpaka ku Domasi, zinandichitikira koyamba mu December wapitayu. Musaseke msanga, abale anga a pa msika. Kachiromboko kanatsala pang'ono kudya mpamba wa mchemwali wanga, ndiponso kanali katadanitsa kale amayi awiri amene akhala moyandikana mabenchi kwa zaka 7.

Nkhani yake ili motere. Mchemwali wangayu amagulitsa usipa ndi matemba mu msika wa Limbe. Bambo a kunyumba kwake anatisiya kalekale, ndipo iye yekha, ndi ndalama za usipa ndi za banki m'khonde, wadzutsa nyumba ya zipinda zitatu ku Bangwe. Malata anakhoma mu October. Simenti inathera pa balaza, choncho kuchipinda pansi padakali dothi. Tsono mvula yoyamba yamphamvu itagwa, tsiku lotsatira madzulo akuyala mphasa, anapeza pa ngodya chinthu chakuda bii, chonyezimira ngati nsapato ya ku ukwati, kutalika kwake ngati mfundo ya chala chachikulu, chimimba chili tuu, chopanda mapiko, chikukumba pansi mwakhama ngati chalandira kale malipiro.

Anachitola ndi supuni n'kuchiponya m'botolo lotha jamu, m'mawa n'kupita nacho ku msika. Inu mukudziwa kuti msika ndiye khoti, ndiye chipatala, ndiye yunivesite. Palibe funso limene limagona osayankhidwa, kungoti mayankho ake amabwera asanu nthawi imodzi.

Woyamba anali mkulu wina woyenda ndi chikwama cha mankhwala a makoswe ndi anankafumbwe. Ati atangosuzumira anagwira pakamwa. "Mayi, pepani. Uyu ndi manthu wa chiswe. Walowa m'nyumba mwanu kudzayala banja. Pofika Pasaka denga lonse lili pansi." Anati akhoza kudzapopera nyumba yonse, ndipo mtengo umene anatchula unali wokwana matumba awiri a chimanga, theka lake pompo. Mnyamata wa kaunjika anatsutsa, ati imeneyo ndi mfumu ya linthumbu, gulu lake lili m'njira, lifika usiku. Apongozi ake atamva pa foni sanachedwe: nyumba yatsopano, chinthu chakuda, kuchipinda kwenikweni, chimenecho n'chotumidwa, ndipo wotuma sakhala patali.

Ndiye kunabwera mayi wa benchi yoyandikana, wa kwawo ku Phalombe, amene mwezi womwewo anali atakanganapo ndi mchemwali wanga polimbirana kasitomala. Anayang'ana m'botolo n'kuphulika chikhakhali. "Aaa, asisi, fulufute uyu! Ndipatseni ndimutafune pompano."

Mawu amenewo ndiwo anaononga zinthu. Kwa mchemwali wanga, munthu wofuna kumeza chinthucho ndiye kuti akufuna kumeza umboni. Moni anathera pomwepo. Tsono awiriwa ali mu banki m'khonde imodzi, tsiku logawana linali litatsala milungu iwiri, ndipo mayi wa ku Phalombeyo ndi mmodzi wa osunga makiyi a bokosi. Mukuonatu pamene nkhani inkalowera.

Mwina mufunsa kuti munthu wamkulu angalephere bwanji kuzindikira fulufute. Ife tinabadwira ku Ndirande. Mafulufute timawadziwa ali m'mbale, okazinga, othira mchere, miyendo itathothoka, atakhwinyata. Wamoyo, woyenda yekha m'chipinda chogona, ngakhale ine sindikanalumbira. Ndinangomupempha chinthu chimodzi: asapereke khobidi kwa wa mankhwala, asapite kwa sing'anga, adikire mpaka Lolemba. Loweruka ndinaboola timabowo pa chivindikiro, ndinaponyamo kathonje konyowa, ulendo wa kwa amalume athu ku Domasi, munthu amene wagwira ngumbi chiyambire ndisanabadwe.

Pa depoti ku Limbe oitanira anandikoka mikono yonse iwiri monga mwa nthawi zonse, aliyense kulumbira kuti yake yatsala munthu mmodzi. Nditakhala pansi kondakitala anaona botolo pa miyendo panga. "Bwana, ameneyo alipira yekha kapena mumulipirira?" Basi khoti la msika linasamukira mu minibasi. Tisanafike pa Njuli, paja amaphwanya miyala, botolo linali litayenda mipando yonse. Gogo wina wa kumbuyo anati fulufute, mosakayika. Bambo wa jekete anati mavu othothoka mapiko. Mayi wina anakana ngakhale kuligwira, anangoti mwazi wa Yesu n'kuyang'ana kunja.

Msewu wa ku Zomba mu December ndi wina, si uja wa fumbi wa mu October. Minda yonse inali itavala, chimanga chikufika m'kakolo, anthu ali chiweramire ndi makasu. Pa Namadzi, pamene pali njira ya ku Magomero kuja kunachitika zina za nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ana anatizinga ndi mango ndi timbale ta bowa. Koma ine tsiku limenelo maso anga anali pa zulu. Msewu umenewu ndauyenda kosawerengeka, koma sindinaonepo kuti zulu n'zochuluka chotere: china pakati pa munda chitamera mtengo pamwamba, china chitadulidwa theka ndi oumba njerwa, china chitazunguliridwa ndi nthochi. Munthu ukanyamula funso m'botolo, dziko limaoneka mwina.

Titadutsa Thondwe phiri la Zomba linayamba kuoneka, mutu wake utafunda mtambo. Mu tauni ya Zomba, imene inali likulu la dziko lino mpaka 1975, sindinachedwemo. Ndinakwera ina ya ku Liwonde, kudutsa Chinamwali ndi Songani, n'kutsika pa Domasi. Kuchoka apo ndi kabaza, njira ya matope yolunjika ku phiri la Malosa, wa njinga akutukwana mathithi, ine nditakumbatira botolo ngati khanda.

Ndinawapeza amalume pa khonde akusongola mpini. Titalonjerana, ndinafotokoza zonse n'kuwapatsira botolo. Sanalilandire.

"Anamugwira nthawi yanji?"

"Kaya, amalume, ngati madzulo."

"Mvula inagwa liti? Dzuwa linawala? Anali yekha kapena ndi anzake? Mapiko anawapeza pansi?"

Ndinangoti kukamwa yasa.

"Ndiye wabwera ndi mlandu wopanda mboni, mphwanga. Imba foni."

Ndinaimba. Mchemwali wanga, ali pakati pa makasitomala, anayankha mokalipa koma anayankha. Mvula inagwa Lachiwiri usiku. Lachitatu dzuwa linaswa mtengo, ndipo chitseko chinali chotsegula tsiku lonse kuti m'nyumba muume. Chinthucho chinali chokha. Mapiko sanaone ndi limodzi lomwe.

Amalume anagwedeza mutu. Anati theka la dzina la kachirombo lili pa nthawi ndi malo amene wakapeza. Ngumbi zimatuluka madzulo kapena usiku, zimathamangira nyale, ndipo zikatera zimasiya mapiko ali mbwee pansi. Kenaka zimayenda ziwiriziwiri, yaimuna italondola yaikazi pambuyo ngati ngolo. Mafulufute amatuluka masana, mvula itagwa, dzuwa litatentha nthaka. "Chiswe sichiyamba banja chokha. Ukaona chili chokha, yamba wakayika."

Apo m'pamene analandira botolo. Anaitanitsa mbale yoyera ya chitsulo kwa azakhali, n'kukhuthulirapo mlendo uja. Anayenda pang'onopang'ono, chimimba akuchikoka. Amalume anatola kaudzu n'kuloza pakati pa thupi.

"Ukuona chiyani apa?"

"Chiuno."

"Chiswe chili ndi chiuno?"

Kunena zoona, ngumbi ndadya mabeseni ndi mabeseni, koma funso limenelo linandigwetsa. Ngumbi ilibe chiuno. Thupi lake kuyambira pa khosi mpaka kumapeto ndi limodzi, ngati chala. Uyu wa m'mbaleyu pakati pake panali popyapyala ngati ulusi, chifuwa kwina, mimba kwina. Ameneyo ndi wa mtundu wa nyerere, ndipo nyerere, kaya ikule bwanji, si chiswe.

Kuti ndisakabwere ndi mawu okha, ananditengera ku munda kwawo kumusi, kumene kuli chulu chachikulu kuposa nyumba ya mchemwali wanga. Chulu chimenechi chili ndi mwini, ndipo mwini wake ndi iwo. Wogwira ngumbi pa chulu cha mwini osapempha, mlandu wake umafika kwa a mfumu. M'mbali mwake munali dzenje limene amaikamo ndowa, ndi timitengo ta chisakasa chimene amafolera ndi udzu ngumbi zikayandikira kutuluka. Pansi panali mapiko a ngumbi za mlungu womwewo. Anatola angapo n'kundiika m'dzanja: onse ofanana, aatali, kutalika kuposa thupi la mwini wake. Ngumbi ili ndi mapiko anayi olingana. Nyerere youluka ili ndi anayinso, koma akutsogolo aakulu, akumbuyo aang'ono.

Anagogoda chulu ndi mpini wosatha kusongola uja. "Manthu ali m'katimu, pansi penipeni. Ndamukumbapo kawiri pa moyo wanga." Anati manthu wa chiswe ndi woyera, wofewa, wonenepa ngati chala chachikulu cha ku phazi, ndipo wamkulu amatalika mpaka kudzaza chikhatho. Amakhala m'kachipinda ka dothi louma gwaa, pamodzi ndi mwamuna wake, makomo ake ang'onoang'ono ongokwana antchito obweretsa chakudya ndi kutenga mazira. Sayenda. Sangathe n'komwe kudzikoka. Ntchito yake ndi kuikira basi, mazira masauzande pa tsiku. "Ndiye wa mankhwala wakoyo akuti manthu anayenda wapansi mpaka ku Bangwe, n'kugogoda pa chitseko? Ndiponso anada liti?"

Za linthumbu anaziphera pomwepo. Mfumukazi ya linthumbu ilibe mapiko chibadwire, siuluka, ndipo siyenda yokha: ikamasamuka imakhala pakati pa chinamtindi cha ana ake, moti ukaiona ndiye kuti miyendo yako yatha kale kulumidwa. Chimene anthu amakumana nacho ndi linthumbu lalimuna, chija chofiirira, chachitali, chaubweya, chimabwera pa nyale usiku n'kumadzigunda pa khoma ngati woledzera, chimimba chikupindikapindika. Chimaopsa maonekedwe chabe.

Ine ndinali nditakhuta, koma amalume anati tipite kwa aphunzitsi. Awa ndi bambo opuma pa ntchito amene ankaphunzitsa sayansi ku sekondale, nyumba yawo ili kuseri kwa tchalitchi. Domasi ndi dera la aphunzitsi, paja pali koleji yawo, ndipo m'midzi yozungulira simusowa wina wosunga mabuku m'katoni. Awiriwa amakangana chilichonse, kuyambira ndale mpaka mbewu ya chimanga, koma tsiku silipita osaonana.

Aphunzitsi anatulutsa rula ndi galasi lokuzira zinthu, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. Anayeza: mamilimita 22. Anati munthu ukafuna kufunsa dzina la nyerere kwa odziwa, ngakhale potumiza chithunzi pa foni, usamati "yaikulu" kapena "yakuda" basi, chifukwa zazikulu zakuda zilipo mitundu yambiri. Tchula kutalika kwake, malo, tsiku ndi nthawi, ndipo ujambule cha m'mbali kuti chiuno chioneke. Amalume anatsokomola. "Si zomwe ndamufunsa ine zija?"

Anandipatsa galasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo panapita nthawi ndisanaone kanthu koma chala changa. Kenaka zinayamba kuoneka. Tinyanga ta pamutu tinali topindika ngati chigongono. Ta chiswe timakhala toongoka, ngati timikanda totungidwa pa ulusi. Chifuwa chinali chotukuka ngati linunda la ng'ombe, ndipo m'mbali mwake munali tizipsera.

"Pamenepo panali mapiko," anatero aphunzitsi. "Chifuwa chakula chifukwa munali minofu youlukira. Wantchito, ngakhale akule, sakhala ndi chifuwa chotere kapena zipsera. Ndiye uyu ndi mfumukazi. Anauluka, anakumana ndi mwamuna, anathyola yekha mapiko, tsopano akufuna pokumba."

Apa ndinamvetsa chinthu chimene chinali chofunika kwa mchemwali wanga kuposa dzina. Mfumukazi yothyola mapiko, yopezeka yokha, siinabadwire pamene waipezapo. Ndi mlendo. Inachokera ku dzenje lina, mwina kutali ndithu, inatera pabwalo, inapeza chitseko chotsegula ndi dothi lofewa lopanda simenti. Chikhala kuti m'nyumbamo muli chisa, bwenzi atatuluka ambiri, a mapiko, pa bowo looneka.

Chotsala chinali mtundu wake. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiwerenge timfundo ta pa chiuno paja. Zinali zovuta chifukwa chimimba chinkaphimba, koma atamutembenuza ndi kaudzu ndinaona: tiwiri. Anati apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa pali mfumukazi ina imene imafanana ndi fulufute ukaiona patali, ya nyerere zikuluzikulu zija zimabwera pa shuga usiku, zimene akatswiri amazitcha Camponotus. Imeneyo ili ndi mfundo imodzi, thupi lake ndi lowonda, miyendo ndi tinyanga n'zazitali, imathamanga, ndipo ukaitswanya imanunkha zowawasa. Wathuyu anali wa mfundo ziwiri, tinyanga tatifupi, mutu waung'ono poyerekeza ndi thupi, woyenda mwaulesi.

"Fulufute," anatero amalume.

"Carebara vidua," anatero aphunzitsi.

"Ndi zomwezo, kungoti inu mwawonjezera sukulu fizi."

Dzina la Chilatinilo linaperekedwa mu 1858 ndi Frederick Smith, katswiri wa tizirombo wa ku British Museum ku London. Aphunzitsi anatchulanso Mngelezi wina, Brian Morris, amene pa unyamata wake anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo mu 2004 anatulutsa buku lotchedwa Insects and Human Life, lofotokoza za tizirombo ta m'Malawi muno ndi maina ake a m'zinenero zathu. Anati nzeru zambiri za m'buku lotero zinachokera kwa anthu onga amalumewa. Amalume anafunsa ngati Mngeleziyo anasiyako kangachepe. Sanayankhidwe.

Chimene chinandigwira mtima ndi tanthauzo la liwu lachiwirilo. Vidua pa Chilatini ndi mkazi wamasiye. Ndipo dzinali likumukhala ndithu, chifukwa nyerere yaimuna ikangokumana ndi yaikazi masiku ake atha, imafa. Mfumukazi imasunga mbewu ya mwamunayo m'thupi moyo wake wonse. Kwa nyerere zambiri, mayiyu amadzitsekera yekha m'kadzenje, osadya kanthu, n'kulera ana oyamba ndi mafuta a m'thupi mwake ndi minofu ija inali youlukira. Mafuta amenewo ndi omwe ife timawakonda pokazinga. Ambiri safika n'komwe pokumba: mbalame, abuluzi, nkhuku ndi ife anthu timawathera panjira.

Pali nkhani ina imene aphunzitsi anandiuza, imene ogulitsa ngumbi mundikhululukire. Nyerere ndi abale a njuchi ndi mavu. Chiswe ayi. Mu 2007 akatswiri a ku Natural History Museum ku London, atafufuza za chibadwa cha tizirombo timeneti, anatsimikiza kuti chiswe ndi mtundu wa mphemvu. Inde, mphemvu. Amalume anati zimenezo n'zamwano ndipo aphunzitsi asadzabwerenso kudzapempha ngumbi. Ine ndalemba monga ndinamvera, koma makasitomala anu simukukakamizidwa kuwauza.

Usiku umenewo mvula inagwa ya mkokomo, denga la amalume likudontha pa miyendo panga. M'mawa kunacha kuli mbee, phiri la Malosa likuoneka ngati lasambitsidwa. Pofika cha m'ma 10 koloko nthaka inayamba kufuka nthunzi. Tili m'tchalitchi ndinaona ana a ku benchi ya kumbuyo akusowa mmodzimmodzi. Amalume anandikodola, tinatuluka mwakachetechete nyimbo ili pakati.

Kumunda, mapazi ochepa kuchokera pa chulu chija, pa malo pamene dzulo lake panalibe chizindikiro chilichonse, nthaka inali itaboola timabowo. Anamzeze anali atadzaza kumwamba, akhwangwala ali pa mtengo kudikira. M'mabowomo munkatuluka mafulufute, mmodzi pambuyo pa mnzake, mapiko akuda ngati utsi, kukwera pa udzu, kuyesa mapiko, kenaka n'kunyamuka ndi kulira kwa bvuu ngati ndege yolemedwa katundu. Ana anali atagwada ndi zitini ndi mabotolo, kutola ndi manja, kwinaku akudzikanda. Ena ankangobudula mimba n'kuponya m'kamwa yaiwisi.

Ndinagwada nanenso, ndipo m'pamene ndinaona chimene chinkawayabwa anawo. Pakamwa pa bowo lililonse panali nyerere zing'onozing'ono zachikasu, zochuluka ngati gaga wotayika, iliyonse yosafika mamilimita 2. Ndinkayesa ndi adani odzalanda. Amalume anaseka. "Eni mudzi amenewo. Achemwali ake a fulufute." Taganizani: mayi mmodzi kubereka kanthu kosaoneka bwino ndi maso, n'kuberekanso chimphona chimene pa sikelo chingafune tianthuto masauzande kuti tilingane nacho. Tina tinali titakakamira ku miyendo ya mafulufute otuluka. Chaka chonse timakhala pansi pa nthaka, osaoneka, ndipo kawirikawiri midzi yawo imapezeka pafupi ndi zulu. Tsiku la mafulufute lokha ndi limene timatulukira poyera.

Panali mitundu iwiri youluka. Ena akuda, onenepa, ndiwo aakazi. Ena ocheperako, ofiirira, mimba yowonda, ndiwo aamuna, ndipo ana ankawatola pomaliza, akuti alibe mafuta. Ndinatola wamkazi mmodzi n'kumuika pa mbale pambali pa mlendo wa ku Bangwe. Kupatula mapiko, anali mapasa.

Ndinaimba foni pomwepo.

"Achemwali, ndi fulufute."

Kunali zii. Kenaka: "Mwatsimikiza, achimwene? Kapena akunamizani?"

"Ndagwada pa dzenje lawo pano. Sadya matabwa. Anangolowa pa chitseko kufuna pokumba. Azungu amamutcha mkazi wamasiye."

Kunalinso zii. "Ndiye anabwera kwa mnzake," anatero, n'kudula foni.

Ndisananyamuke amalume anandipatsa ntchito. Anati fulufute wamasulidwa, koma chiswe chenicheni sichigogoda pa chitseko. Ndikafika ku Bangwe ndizungulire nyumba yonse, ndiyang'ane tinjira ta dothi tokwera khoma kuchokera pansi, ndigogode matabwa ndi mafelemu ndi msomali kumva ngati akulira ngati ng'oma. Anawonjeza mawu amene ogulitsa ndiwo muwasunge: chulu chimene chathiridwa mankhwala, ngumbi zake si zodya, ndipo wopikula ngumbi azifunsa kumene zagwidwa. Azakhali anali atakazinga kale mafulufute a ana aja, opanda dontho la mafuta a m'botolo, mchere basi, n'kundikulungira m'pepala.

Mlendo wa ku Bangwe sindinabwerere naye. Ndinkafuna, ngati umboni, koma amalume anati wayenda mokwana. Tinamuika pa nthaka yonyowa m'mphepete mwa munda, pansi pa mtengo wa masuku, ine nditaima ndi kamtengo kuingitsa nkhuku. Anazungulira kawiri, anapeza pofewa, anayamba kukumba. Wa kabaza atafika panali patangotsala kadothi kotukuka.

Ku Bangwe ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinazungulira nyumba monga anandiuzira. Denga linali bwinobwino, mafelemu olimba. Koma kuseri, kumene amisiri anatsamiritsa matabwa otsala pa khoma mu October, thabwa la pansi nditalitukula linathetheka m'manja ngati bisiketi. Munali chiswe choyera chili nyakanyaka, agang'a a mitu yofiira atayasamula, ndipo kanjira ka dothi kanali katakwera kale mizere itatu ya njerwa. Mlungu wonse anthu akukangana za botolo, palibe anapita kuseri kwa nyumba. Tinachotsa matabwa onse, odyekawo tinasonkhera moto, abwino tinawasanjika pa miyala kutali ndi khoma, kanjira kaja tinakapala ndi khasu. Mchemwali wanga anati azikayang'anako Lamulungu lililonse.

Lolemba m'mawa ndinamuperekeza ku msika, kunena zoona pofuna kuona mathero. Wa mankhwala uja anadutsa ndi chikwama chake, anafunsa ngati mayi aganiza bwino. Anauzidwa kuti manthu wake tinakamusiya kwawo. Mayi wa ku Phalombe anali atayala kale nsomba zake, nkhope atalozetsa kwina. Mchemwali wanga anayala usipa wake milumilu, anakonza chitenje, anakhala pansi, anadzukanso. Kenaka anatulutsa kapepala ka azakhali kaja, anakatambasula, n'kukaika pa malire a mabenchi awiriwo osanena kanthu.

Mayi uja anayang'ana kapepala, anayang'ana mnzake. Anatola mmodzi, anatafuna, anatolanso wina.

"Mchere wachepa," anatero. "Asisi, muli ndi chenje cha K5,000?"